Kanyenyezi ka Kuseri kwa Katani

Lolemba lililonse, belu lisanalire seveni koloko, a Mawotchi ankakhala atafika kale pa kachitseko kachitsulo ka kuseri kwa maofesi a khonsolo. Kiyi wake ankamuvala m'khosi pa chingwe cha nsapato. Ankatsegula, n'kuyamba kukwera nsanja ya wotchi yaikulu ya mumzinda. Masitepe analipo 94, ndipo ankawadziwa ngati ana a m'nyumba mwawo: la 12 linali lolira, la 40 linali ndi msomali wokola buluku, la 71 ndi limene mawondo awo anayamba kupumirapo chaka chathachi. Akafika pamwamba ankavula jekete, n'kupukusa chogwirira mpaka zitsulo zolemera zoyendetsa wotchiyo zitakwera, n'kudontheza mafuta m'mano a magiya, kenako n'kuima chete kumvetsera kugunda kwake. Anachita zimenezi zaka 41, kupatula Lolemba limene anaika maliro a akazi awo.

Lolemba limeneli atatsika anapeza mlonda wa pageti akuwadikira ndi envelopu.

"Akuti ndikupatseni pamanja, madala," anatero mlondayo, maso ali kumbali.

Kalatayo inali yaifupi. Popeza sitolo ya mawotchi imene inkasamalira wotchi ya pansanja ikutsekedwa, kiyi abwezedwe ku ofesi pofika Lachisanu. Aliyense wofuna kupitiriza ntchitoyo abweretse satifiketi, kapena umboni woti anaigwirapo.

Zoti sitolo ikutsekedwa ankazidziwa. Anthu anali atayamba kuonera nthawi pa foni, ndipo mwini wake maso anali atayamba kumukana. Koma sanaganizepo kuti kiyi nayenso ndi wa sitolo. Anamugwira kudzera m'malaya. Anali wofunda ngati thupi lawo.

Pa sitoloyo anafikapo ali ndi zaka 17, atavala nsapato za achimwene awo. Mwini wake nthawi imeneyo anali mzungu wamtali wosalankhulalankhula, amene aliyense ankangomutchula kuti Bwana. Mwezi womwewo Bwana anatulutsanso mwana wake kusukulu, mnyamata wa msinkhu womwewo, wa makutu ofiira, amene antchito anamupatsa dzina loti Kabwana. Anawakhazika pa tebulo limodzi m'kachipinda ka kuseri kwa katani yobiriwira, nyale imodzi pakati pawo. Anaphunzira limodzi kuvala kagalasi m'diso, kugwira kachitsulo kopanira, ndi kupuma pang'onopang'ono kuti mpweya usaulutse tizitsulo. Kabwana zala zake zinali zonenepa ndi zosamva. Kasikuluwu kakamuthawa, onse awiri ankagwada pansi kukafunafuna, akuseka motsitsa mawu kuti Bwana asamve. Masana ankagawana buledi atakhala pa khomo la kuseri. Kalankhulidwe ka anthu wamba Kabwana anakaphunzirira pomwepo, ndipo anayambira mawu otukwana.

Okonza mawotchi ali ndi kachitidwe kawo. Ukamaliza kukonza wotchi, usanatseke, umatenga singano n'kulemba kachizindikiro kako ndi chaka m'kati mwa chivindikiro, kuti wodzaitsegula mawa adziwe amene anapitamo. Chizindikiro cha Bwana chinali kanyenyezi ka mizere itatu yodutsana. Tsiku limene a Mawotchi anamaliza wotchi yawo yoyamba, Bwana anaiika kukhutu, n'kugwedeza mutu, n'kuwapatsa singano.

"Lemba kanyenyezi. Anthu obwera muno amafuna dzanja langa."

M'mawu akewo munalibe ukali. Ankangonena mmene zinthu zinalili. Azungu, ngakhalenso anthu akuda ovala mataye, ankafuna kumva kuti wotchi yawo yagwiridwa ndi mzungu, ndipo katani inalipo kuti asaone zina.

Patapita zaka zinayi inafika nthawi ya mayeso a satifiketi. Masiku amenewo munthu ankapita ndi kalata ya mwini sitolo, ndipo m'holo ya mayesoyo munthu wakuda ankalowamo pokhapokha atanyamula tsache. Kabwana anapita, analephera, anapitanso, anakhoza. Satifiketi inakolekedwa pa khoma la kutsogolo, Kabwana anasamukira pa kauntala, ndipo nyale ija inatsala ya munthu mmodzi. Chaka chomwecho Bwana anapatsa a Mawotchi kiyi wa pansanja, chifukwa msana wake unali utayamba kudandaula.

Lachiwiri m'mawa a Mawotchi anavala jekete la kutchalitchi n'kupita ku ofesi. Kalaliki anali mwana wa dzulodzuloli, wa taye yofiira ndi zolembera zitatu m'thumba. Anawamvetsera bwino ndithu, kenako anatulutsa fomu.

"Satifiketi muli nayo, bambo?"

"Ndilibe."

"Nanga umboni? M'mabuku mwathu muno mwalembedwa sitolo basi. Inuyo simukuoneka paliponse."

"Mlonda wa pageti amandidziwa."

Kalaliki anamwetulira. "Mlonda amadziwanso mayi wogulitsa malalanje, bambo."

A Mawotchi anayang'ana pa mkono wa mnyamatayo. Panali wotchi yachikale ya lamba watsopano, ndipo anaizindikira ngati mmene munthu amazindikirira mnzake wa kusukulu pagulu.

"Imeneyo ndi ya bambo anu?"

"Inali yawo. Anatisiya."

"Pepani. Tandibwerekani pang'ono."

Kalaliki anazengereza, koma anavula. A Mawotchi anatulutsa kampeni kawo, n'kutsegula chivindikiro kamodzi kokha, n'kumupatsa kagalasi. M'katimo munali tinyenyezi titatu, kalikonse ndi chaka chake.

"Aka ndi pamene inagwera m'madzi. Aka sipuling'i inaduka. Aka kunali kungotsuka. Tonse titatu ndi dzanja langa."

Mnyamatayo anayang'anitsitsa, nkhope yake n'kufewa. "Kanyenyezi aka ndimakadziwa. Bambo ankationetsa. Ankati wotchi yanga saigwira munthu wamba, amaigwira mzungu wa pasitolo paja yekha." Anabweza kagalasi. "Ndiye mwandionetsa chizindikiro cha mzungu, bambo. Chanu chili kuti?"

A Mawotchi anatseka chivindikiro, n'kupukuta wotchiyo ndi mpango, n'kuibweza. Inali ikuchedwa ndi mphindi ziwiri, koma sananene.

Lachitatu masana anapita kwa mkamwini wawo, amene anali ndi malo omatira matayala pafupi ndi siteji ya basi. Anthu ankamutchula kuti a Matayala. Anali munthu wa mimba ndi mawu aakulu, wokonda apongozi ake ndiponso wokonda kupambana mkangano. Mkazi wake, mwana wachisamba wa a Mawotchi, anali namwino, ndipo anali atangoweruka, akudya chakudya cha mwamuna wake ndi supuni ya mwamuna wake yomweyo. A Mawotchi anakhala pa tayala la lole n'kuwapatsa kalata ija.

Namwino anaiwerenga milomo itauma. "Zaka 41, ndiye akuti umboni. Akwere okha akafunse nkhunda za m'mwambamo."

"Bambo, ine ndinene mosapsatira?" anafunsa a Matayala.

"Mwayambatu," anatero mkazi wake.

"Ayi, ndi mwaulemu. Anthufe vuto lathu ndi kudikira. Timadikira kuti wina atitsegulire. Zoti kale kunali tsankho, palibe akukana. Koma zinatha liti zimenezo? Ineyo ndinali ndisanabadwe n'komwe. Malamulo anasintha, mayeso anatsegulira aliyense. Munthu wa luso ngati inu, bambo, bwenzi pano muli ndi sitolo yanuyanu, dzina lanu pakhomo. Taonani ine. Ndinayamba ndi pampu imodzi ndi beseni lobooka."

"Pampu ya amalume anu," anatero Namwino.

"Anandibwereka."

"Ndi malo ano, amene amalume anu omwewo anakulozerani ali m'komiti ya siteji. Inu mukamanena za beseni lobookalo mumaiwala kutchula amalume. Beseni limakula chaka chilichonse, amalume akucheperachepera."

Munthu amene ankadikira tayala la njinga yake anaseka, n'kunamizira kutsokomola.

"Chabwino, anandithandiza," anatero a Matayala. "Koma amene amadzuka folo koloko ndi amalume? Anzanga angati anapatsidwa pampu n'kuigulitsa? Mwayi umakupeza, inde, koma ukupeze uli maso."

"Nanga amene mwayi wake unapatsidwa kwa mwana wa eni ake iye ali maso? Adadi anakhala tebulo limodzi ndi Kabwana. Wina zala ngati zipilala za khonde, wina wokhoza kukonza wotchi atatsinzina. Lero wina akupita kukapuma ku nyumba ya maluwa, wina akumufunsa umboni. Kusiyana kwake n'chiyani? Kudzuka folo koloko?"

"Kabwanayo sanabe kanthu. Anabadwira pamenepo. Kodi mwana wathuyu akadzatenga malo ano mudzati waba?"

"Sindikuti anaba. Ndikuti asamatiuze kuti tonse tinayambira pa mzere umodzi."

"Ndani wanena zimenezo?"

"Inu, tsiku lililonse, ndi beseni lanulo."

A Mawotchi ankangoyang'ana thovu limene linkatuluka pa chubu chimene chinali m'madzi. Onse awiri ankawanenera zabwino, aliyense m'njira yake, ndipo onse awiri ankawabaya. Mwana wawo ankalankhula ngati iwo anali mwala umene anthu anangouponda. Mkamwini ankalankhula ngati chitseko chinali chotsegula kuyambira kale, iwo n'kumangochiyang'ana.

"Fomu inabwera," anatero motsitsa.

Onse anatembenuka.

"Bwana atamwalira, Kabwana anabwera nayo kuseri kwa katani. Anati, Mawotchi, pano zinasintha, kalembe mayeso aja, kalata ndalemba kale. Anatinso ndisiye kanyenyezi, ndiyambe kulemba changa. Ine ndinati mawa."

"Adadi," anatero Namwino.

"Ndinali ndi zaka 43. Ndinaganiza zokakhala m'holo ndi ana a msinkhu wako, ine imvi zitayamba, wina n'kumandifunsa dzina la chitsulo chimene ndachigwira moyo wanga wonse koma sindidziwa kuchilemba. Ndinaiika m'dilowa. Ndipo dzanja linali litazolowera kanyenyezi. Ndikamaliza wotchi linkangolemba lokha."

A Matayala anali atapambana, koma nkhope yawo inali ya munthu amene waponda mwana wa nkhuku. Anatenga chubu chija n'kuyamba kuchipukuta ngakhale chinali chisanamatidwe.

"Inabwera mochedwa ndi zaka 22," anatero Namwino, koma mawu ake anali atatsika.

"Inachedwa, mayi. Koma inabwera."

Kenako a Matayala anati, "Bambo, tiyi?" ndipo anapita okha kukawiritsa, zimene sanachitepo chikwatirire.

Lachinayi a Mawotchi anapita ku sitolo. Mawotchi a pakhoma anali atatsitsidwa, ndipo pamene panali iliyonse panatsala chithunzi chake choyera pa penti yakuda ndi fumbi. Popanda kugunda kwawo chipindacho chinkamveka ngati cha eni ena. Kabwana anali atagwada pakati pa makatoni, dazi likuwala, magalasi awiri pamphuno. Makutu ake anali ofiirabe.

"Mawotchi. Wabwera bwino. Tandigwirira uku, msana wanga wasanduka wa bambo."

"Zikomo, bwana."

Zinali choncho kuyambira tsiku limene satifiketi inakwera pakhoma. Wina ankati iwe, wina ankati bwana, ndipo palibe amene anakumbukira tsiku limene anagwirizana zimenezo.

Atanyamula katoni, a Mawotchi anamupatsa kalata ija. Kabwana anaiyandikiza kumaso, n'kutukwana ndi liwu lija analiphunzira ali ndi zaka 17. A Mawotchi anaseka osafuna.

"Mumalitchulabe molakwika."

"Mphunzitsi wake anali woipa." Kabwana anakhala pa katoni. "Mawa tipitira limodzi. Ndikawauza. Ndi nkhani ya mphindi zisanu."

"Ndikudziwa kuti ndi ya mphindi zisanu. Ine ndinakhalako ola lathunthu."

Kabwana anavula magalasi amodzi. "Ukufuna kunena chiyani?"

"Palibe, bwana."

"Ayi, nena. Mwana wako uja amandiyang'ana ngati ndinamubera mbuzi. Ine ndinagwira ntchito muno, Mawotchi. Masiku asanu ndi limodzi pa sabata, zaka zonsezi. Sindinapiteko kutchuthi. Pamene zinthu zinavuta sindinakuchotse. Sindinasankhe kubadwa mwana wa bambo anga."

"Inenso sindinasankhe."

"Fomu ndinakupatsa."

"Munandipatsa."

A Mawotchi anakankha katani n'kulowa kuseri. Tebulo linali pomwepo, ndi malo awiri osalala pamene zigongono za anyamata awiri zinkatsamira, ena akuya kuposa anzake. Anakoka dilowa. Pansi pa tizitini ta masikuluwu panali fomu ija, itasanduka yachikasu, ndi kalata ya Kabwana itapanidwa kumbuyo kwake. Anali asanaiwerengepo. Inali ya mizere inayi, ndipo wachitatu unkati munthu uyu amadziwa ntchitoyi kuposa ine ndi bambo anga kuphatikiza.

Kabwana anali ataima pa katani, ataigwira ndi dzanja limodzi.

"Unkadziwa?" anafunsa a Mawotchi, osazindikira kuti asiya ubwana.

"Ndinkadziwa kuyambira mwezi woyamba. Mayeso achiwiri aja ndinakhoza chifukwa unandiphunzitsa madzulo onse, waiwala?"

"Nanga katani iyi bwanji sunaichotse?"

Kabwana anaiyang'ana ngati akuiona koyamba. Inali itasuluka, pansi pake pali mabowo a njenjete. "Sindikudziwa," anatero. "Inali pomwepo. Makasitomala anali atazolowera." Anakanda dazi. "Inenso ndinkati mawa."

Panja basi inadutsa, mawindo n'kunjenjemera. A Mawotchi anapinda kalata ija n'kuiika m'thumba la jekete.

"Mawa tipita," anatero. "Koma uvale nsapato zoyendera."

Lachisanu kalaliki atangoona Kabwana pakhomo anaimirira, n'kukoka mpando, n'kuupukuta ndi dzanja. Mpando unalipo umodzi. Kabwana anayang'ana a Mawotchi, makutu n'kufiirira, ndipo onse awiri anangoima. Kabwana analankhula mawu ochepa chabe, ndipo asanamalize kalaliki anali atatsegula kale kabokosi ka chidindo.

"Ngati bwana akutero, palibe vuto. Angosaina apa basi."

A Mawotchi anaona chidindo chili m'mwamba. Chinali chimene anadzera. Akanangokhala chete, kiyi akanagona pachifuwa pawo usiku umenewo ngati masiku onse. Koma anakumbukira tinyenyezi titatu tija, ndi bambo wa mnyamatayu akuonetsa ana ake monyadira.

"Musanadinde, achimwene, tiyeni tikwere."

"Kukwera kuti?"

"Kumene kuli ntchitoyo. Munafuna umboni."

"Bambo, bwana anena kale."

"Bwana akweranso."

Kalaliki anayang'ana nsapato zake zopolishidwa, kenako anayang'ana Kabwana kuti amupulumutse. Kabwana anangokweza phazi kumuonetsa nsapato zoyendera.

Anadutsa pageti, mlonda akuwayang'ana modabwa. A Mawotchi anatsogola. Pa sitepe la 12 anati, "Ili limalira, musaope." Pa la 40 anati, "Buluku kumanzere," koma kalaliki anachedwa kumva, ndipo msomali unalandira gawo lake. Kabwana ankabwera pambuyo, manja onse awiri pakhoma, akupuma ngati pampu ya a Matayala. Iye anaima ali pa la 30.

"Apa ndi pamene ndinabwererapo," anatero. "Bambo anatitenga tonse awiri, ukukumbuka? Ndinayang'ana pansi, n'kukana kupitirira."

"Ndinakutsitsa nditakugwira lamba."

Kalaliki anatembenuka. "Ndiye bwana simunafikeko pamwamba?"

"Lero ndi loyamba, mwana wanga, ngati ndifike."

Anafika. Chipinda cha pamwamba chinali chaching'ono, chonunkha mafuta ndi nkhunda, kuwala kukulowera m'magalasi oyera a nkhope zinayi za wotchi. Pakati panali makinawo, aatali ngati kabati, akugunda mosafulumira. Kabwana anakhala pansi n'kutsamira khoma. A Mawotchi anavula jekete n'kuikoleka pa msomali wake.

Sanalankhule zambiri. Anaonetsa kalaliki giya limene dzino lake anachita kusula okha chaka cha mvula yaikulu, ndi kandalama kachitsulo kamene amaika pa chitsulo cholendewera nyengo yotentha kuti wotchi isachedwe. Kenako anati, "Tsekani makutu," ndipo mnyamatayo asanafunse chifukwa, chitsulo china chinadzuka, mapiko a makina anazungulira, ndipo belu linagunda teni koloko pamwamba pa mitu yawo. Kalaliki anagwira mtengo wa denga ndi manja awiri. Litatha, a Mawotchi analoza pa mkono wake.

"Yanuyo ikuti kwatsala mphindi ziwiri kuti teni ikwane. Mudzabwere nayo."

Kenako anamutengera kumbali kwa makina, kumene kunali chitsulo chosalala chamkuwa. Pamenepo wotsuka makina ankalemba chizindikiro chake kamodzi pa chaka. Pamwamba panali zizindikiro za anthu akale osadziwika. Pansi pake panali tinyenyezi, mzere ndi mzere. Toyamba tinali tatikulu, tolembedwa mwamphamvu. Kenako tinasintha, n'kukhala tating'ono, towongoka, mzere wachitatu wopendekera pang'ono kumanja, ndipo timeneti tinapitirira mpaka pansi.

Kalaliki anavula wotchi yake yekha. A Mawotchi anamutsegulira, n'kumupatsa kagalasi. Anayang'ana m'chivindikiro, n'kuyang'ana pa mkuwa, n'kuyang'ananso m'chivindikiro.

"Bambo anga anamwalira osadziwa," anatero.

"Wotchi inkayenda. Ndi zimene ankafuna."

Mnyamatayo anavala wotchi yake pang'onopang'ono. Kenako anatulutsa fomu m'thumba, itapindika ndi thukuta. "Ndaona ndi maso anga, bambo. Koma pepalali lili ndi malo amodzi okha a umboni, ndipo akuti asaine mwini satifiketi. Ine sindingasinthe."

"Ndikudziwa."

Kabwana anasaina atatsamiritsa fomu pa bondo. Kalaliki anati chidindo akadinda pansi, ndipo ntchitoyo ikhala ya chaka chimodzi, kenako adzaonanso. Pa mzere wa wogwira ntchito anafunsa dzina, ndipo a Mawotchi analitchula lonse, mnyamatayo n'kulilemba mosamala ndi cholembera chake chabwino kwambiri mwa zitatu zija.

"Tsogolani," anatero a Mawotchi. "Mugwireni lamba bwanayo. Ine ndikupezani."

Anamvetsera mapazi awo akutsika, mawu a Kabwana akufunsa ngati atsala pang'ono, mpaka sitepe la 12 litalira kawiri. Anadziwa zimene zidzanenedwe Lamlungu kwa ana awo. A Matayala adzati mwaona, nkhani ndi kupita kukagogoda. Namwino adzafunsa kuti amene anasaina ndani. Adzakangana mpaka tiyi atazizira.

Sinali nthawi yotsuka makina, koma anatulutsa singano m'thumba la jekete. Anagwada pa mkuwa paja, n'kuvala kagalasi, n'kupeza malo pansi pa kanyenyezi ka chaka chatha. Asanaganize n'komwe, dzanja linali litalemba kale mzere woyamba, ndipo linkapendeka kuti lidutsitse wachiwiri. Analigwira ndi dzanja linzake. Anakhala choncho, makina akugunda pambali pa khutu lawo, ndipo anazindikira kuti zaka zonsezi sanaganizepo kuti chawo chikanaoneka bwanji.

Anayang'ana pa khomo la masitepe. Kenako analemba mzere wachiwiri pambali pa woyamba, osaudutsa, n'kulumikiza iwiriyo ndi timizere titatu. Kanatuluka kamakwerero kopendekera pang'ono kumanja. Sikanali kokongola ngati tinyenyezi, chifukwa dzanja linali lisanakazolowere. Analemba chaka pambali pake, n'kupukuta ndi chala.

Anavala jekete, n'kubweza kiyi m'kati mwa malaya, n'kuyamba kutsika. Pa sitepe la 71 mawondo sanapemphe kupuma, koma anaimabe pang'ono.